Chibwenzi cha Malemu Apongozi Anga

Abale owerenga, ndikupemphani chinthu chimodzi: musandiweruze musanafike kumapeto. Mukafika kumeneko weruzani mmene mungathere, poti ngakhale ine mwini ndinadzipeza wolakwa kalekale.

Dzina langa ndine Thoa. Ndili ndi situdiyo yojambulira zithunzi m'tauni yathu ya Tra On, moyang'anizana ndi msika, pakati pa wogulitsa zipewa za njinga zamoto ndi wozula mano. Ntchito yangayi ndimaidziwa, sikuti ndikudzitama. Ukalowa ndi ziphuphu, umatuluka wosalala ngati dzira losenda. Wadazi ndimamumeretsa tsitsi, wa njerewere ndimamuchiza popanda mankhwala. Bambo wina anapita ndi chithunzi chimene ndinamujambula ku ofesi ya zitupa, kumeneko anamubweza kuti pabwere mwini wake. Ine nditamva ndinasangalala tsiku lonse. Uchitsiru wake umenewo.

1

Kunali kutatsala masiku khumi kuti tichite chikumbutso choyamba cha malemu apongozi anga aamuna, bambo Luom. Apongozi aakazi, mayi Nhieu, anatiitana ine ndi mwamuna wanga Loc kuti tikakonze m'nyumba alendo asanafike.

Mayi Nhieu ali ndi zaka 71, amagulitsa zipatso mumsika, ndipo akakuitana ali kumapeto kwa msika ngakhale nsomba za mumtsinje zimatembenuka. Pa tsaya lawo lamanzere pali chipsera chachikulu, chochoka pakhutu kufika pakamwa, chimene chimakokera mlomo m'mwamba moti nthawi zonse amaoneka ngati akuti akukalipire. Nthawi zambiri amakhala akufunadi kukukalipira. Kamera safuna n'kuiona komwe. Pa ukwati wanga anaima kuseri kwa nsanamira, ndipo ukangokweza foni amadziphimba ndi chipewa chawo chosongoka. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ine zaka khumi ndi zisanu ndikung'animiridwa, kuopa ndimaopabe.

Tsikulo Loc anatsitsa chitini chakale cha tiyi pamwamba pa kabati. M'katimo munali mbedza za malemuwo, mano awo oikirira amene anasweka, ndi envelopu. Mayi anaitsegula. Munatuluka chithunzi cha mkazi wa zaka ngati makumi anayi, khungu see, tsitsi lakuda bii, atavala diresi lalitali lachibakuwa la chikhalidwe chathu lotchedwa ao dai, akuseka mano onse pamtunda.

"Loc, tabwera kuno. Uyu ndi ndani?"

Loc anasuzumira. "Sindikumudziwa, amayi. Koma ndiye chiphadzuwa, eee!"

Phaa! Chokupizira mphepo chinatera pamutu pake.

Mayi anayenda mwachindunji kupita pa guwa la makolo, pamene chithunzi cha bambo Luom chinali mu felemu yakuda pakati pa maluwa ndi mbale ya lubani.

"Inu a Luom! Mdala wopanda manyazi inu! Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi ndikukuphikirani, ndikukuchapirani, ndikupirira mkonono wanu, kodi inu mukusunga madona m'zitini? Musandiyang'ane choncho!"

Anagwira felemuyo n'kuitembenuza kuti iyang'ane khoma.

"Chikumbutso palibe. Sindiphika ngakhale njere imodzi ya mpunga. Akadye kwa dona wawoyo."

"Amayi, musatero," anatero Loc atagwira pamutu. "Bambo akhala ndi njala."

"Akhale nayo! Ine sindinadye mokwanira chibadwire."

Imeneyi sinali nkhani yoseka. Munthu wosaphikiridwa pa tsiku lake amayendayenda m'misewu ndi njala, kumalimbirana nyenyeswa ndi mizimu yopanda ana. Ndipo ameneyu anali bambo Luom, munthu wofatsa amene anandilandira m'banjamo ngati mwana wake, amene ankandibisira magawo abwino a nsomba mayi akayang'ana kumbali.

Ine mkazi wa pachithunziyo ndinkamudziwa. Ndinkamudziwa bwino kuposa aliyense m'nyumbamo. Koma ndinatseka pakamwa n'kupitiriza kupukuta mbale imene inali itauma kale.

2

M'mawa mwake ndikungotsegula situdiyo, ndinamva masilipasi amene ndimawazindikira ngakhale ndili m'tulo. Mayi analowa, anakhala pa mpando wa makasitomala chofulatira kamera, n'kumenyetsa chithunzi chija patebulo.

"Mwana iwe, nkhope zonse za m'tauni muno zimadutsa m'manja mwako. Tandiuza, ameneyu ndi wa kwa ndani?"

"Sindinamuonepo, amayi."

"Tayang'anitsitsa. Bweretsa galasi lako lokuzira lija."

Ndinawapatsa. Anaweramira pa chithunzicho ngati akusankha mpunga.

"Ha! Taona makutuwo. Otambalala ngati a mleme. Munthu wa makutu otere amamvetsera za eni."

"Makutuwo ndi abwinobwino, amayi."

"Ukumuikira kumbuyo? Nanga mphunoyo? Imeneyo ndi mphuno ya munthu waumbombo, ndimaidziwa ine. Ndipo kukamwako, taona kukula kwake. Ameneyu ndi wolongolola, salola mnzake kumaliza chiganizo. Mwamuna amene anakwatira mkazi ameneyu ndikumumvera chisoni."

Ndinatsokomola mpaka misozi.

"Wadwala?"

"Fumbi, amayi."

"Uzisesa. Koma chondinyansa kwambiri ndi nkhope yosalalayi. Munthu wanji wopanda khwinya ngakhale limodzi? Sanapsepo ndi dzuwa ameneyu, sanaikepo maliro, sanadikirirepo mwana wodwala. Chidole. Ndiye mdala uja n'kumasirira chidole?"

Apa mawu awo anatsika pang'ono, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita pa tsaya lamanzere n'kubwerera msanga. Mtima wanga unapweteka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma anandiyang'ana ndi diso lija, mawu onse n'kubwerera kumimba.

Madzulo tikudya, Loc anayamba kulankhula yekha.

"Koma mdala anali ndi diso."

"Musatero, a Loc."

"Ayi, sindikuti anachita bwino. Koma tinene zoona, mkaziyo ndi wokongola. Ukamuyang'ana umamva ngati unamuonapo kwinakwake, mtima umangomukonda wokha. Ine bambo sindikuwadzudzula kwenikweni."

Mpunga unandilowa njira yolakwika. Loc anandimenya pamsana uku akupitiriza kuyamikira maso a donayo.

Mwina mukufunsa kuti, "Nanga iwe Thoa, osangonena bwanji?" Tamverani. Kuti ndiyeretse dzina la apongozi aamuna ndinayenera kuulula milandu iwiri. Woyamba ukanandichititsa manyazi moyo wanga wonse. Wachiwiri ukanandilongedzetsa katundu kubwerera kwa makolo anga. Komanso ndinali nditalumbira kwa munthu amene tsopano anali m'manda, ndipo kwa munthu wotere sungapite kukapempha kuti akumasule. Ndinadzinamiza kuti mayi apsa mtima masiku awiri atatu, kenako ziziziratu.

3

Sizinazizire ayi. Mayi anasiya zipatso zawo m'manja mwa mnzawo n'kuyamba ntchito yaupolisi.

Anayendera msika wonse chithunzi chili m'manja. Mkazi aliyense wopitirira zaka makumi asanu ankamuimitsa, n'kuika chithunzicho pafupi ndi nkhope yake, n'kumutembenuza chibwano uku ndi uku. Wogulitsa zakudya za m'mawa anamuvula mpango kuti aone makutu. Wosoka zovala anamuuza kuti aseke, ataseka anati, "Ayi, iwe mano ako ndi oipa kwambiri, pita." Mayiyo sanadziwe kuti akondwe kapena akwiye.

Pofika tsiku lachisanu tauni yonse inali itadziwa kuti malemu bambo Luom anali ndi chibwenzi. Amuna a pa malo omwera khofi, amene kale ankawaseka kuti amaopa mkazi, anayamba kuwatchula mwaulemu. Wina anafika ponena kuti anawaonapo pa boti ndi donayo. Bodza lenileni! Koma nkhani ikakoma aliyense amafuna athireko mchere wake.

Loc anayesa kunyengerera. Anapita ndi malalanje, anagwada, anati alole kuti ifeyo tiphike kwathu n'kubweretsa. Mayi anati aliyense woika mbale pa guwa limenelo adzaika ndi dzanja lake lomwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, mawa lake chikumbutso, anatulukira ku situdiyo m'mawa maso akuwala.

"Ndamupeza."

"Ndani, amayi?"

"Duyen. Mphunzitsi wopuma uja wa kuseri kwa kachisi. Mwamuna wake anamwalira kale, amakonda zovala zachibakuwa, ndipo ndakumbukira kuti chaka china mdala uja anamukonzera mpope wa madzi. Mpope wanji wotenga maola awiri?"

"Amayi, mayi Duyen ndi munthu waulemu wake. Anaphunzitsa a Loc sukulu."

"Aphunzitsanso bambo ake. Ndikukamusiyira mwamuna wake. Azimuphikira yekha."

Apa m'pamene ndinaona chimene ananyamula m'khwapa, chokulungidwa m'thaulo. Inali felemu yakuda ija. Anali ataichotsa pa guwa.

Abale inu! Pa zinthu zonse za padziko lapansi, felemu imeneyo ndiyo sinayenera kuchoka m'nyumba, ndipo sinayenera kukhala m'manja mwa mlendo. Ndinaimbira Loc kuti asiye zonse athamange, ndinasiya situdiyo chitsegukire, n'kuwalondola.

4

Pofika pa geti la mayi Duyen tinali gulu. Anthu a mumsika anasiya malonda, wozula mano anabwera ndi wodwala wake thonje lili m'kamwa. Mayi Duyen anali kuthirira maluwa, munthu wowonda wa magalasi, wa zaka 68, amene chiyambire sanakwezepo mawu ngakhale kwa nkhuku.

"Aphunzitsi," anatero apongozi anga, "ndakubweretserani katundu wanu."

"Katundu wanji, achemwali?"

"Musanditche achemwali, sitinagawane bere, tagawana mwamuna. Uyu ndi inu kapena si inu?"

Mayi Duyen analandira chithunzicho, anakonza magalasi, n'kuchiyang'ana. Ine mumtima ndinati, chabwino, akana, anthu aseka, tizipita. Koma iwo anachiyang'anabe. Masaya awo anayamba kufiira. Anadzisisita tsitsi.

"Inu mukuona ngati ndi ine?"

"Ndikufunsa ndine."

"Chifukwa... tinene zoona, zaka makumi atatu zapitazo ndinali chonchi ndithu. Khosili ndi langa. Anthu ankanena. Kapena wina anandijambula ine osadziwa?" Anatembenukira kwa gululo. "Mukuti bwanji inu, sindikufanana naye?"

Mayo ine! Munthu akumunamizira chigololo, iye n'kumakondwa kuti amufanizira ndi chithunzi chokongola.

"Mwamva nonse!" anakuwa apongozi anga. "Wavomera yekha!"

"Ayi, sindinavomere za a Luom, ine ndikunena za khosi..."

"Tengani mwamuna wanu! Amadya nkhumba yophika ndi mazira, mchere pang'ono, ndipo mukamufukizira lubani muzitsegula zenera, amatsokomola."

Anavundukula thaulo lija n'kukankhira felemu m'manja mwa mayi Duyen. Gulu linati wooo. Loc anafika pa njinga yamoto ali wefuwefu, n'kungoima kukamwa yasa. Ndinaona nkhope ya bambo Luom mu felemumo, akumwetulira mwaulemu monga ankachitira nthawi zonse, akuperekedwa ngati mbuzi ya pa msika chifukwa cha ine. Apa zinandikwana.

"Amayi!" Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina. "Asiyeni mayi Duyen. Mkaziyo ndikumudziwa. Chithunzicho ndinajambula ndine."

Ngakhale wodwala dzino uja anasiya kubuula.

Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Tiyeni ku situdiyo, ndikakuonetseni. Koma inu nokha ndi a Loc."

"Inenso ndikubwera," anatero mayi Duyen. "Ndili ndi ufulu wodziwa ngati ndi ine."

5

Ndinakhoma chitseko, ndinatseka makatani, anthu n'kutsala panja akukanikiza mphuno pa galasi. Mayi analanda felemu yawo n'kuibwezera m'khwapa. Ndinayatsa kompyuta.

Ntchito yanga iliyonse ndimaisunga m'magawo, moti chilichonse chimene ndinachotsa pa nkhope ya munthu ndikhoza kuchibwezera chimodzichimodzi. Dona uja anaonekera, wamkulu kudzaza galasi lonse.

"Ndi yemweyo," anatero mayi. "Dzina lake?"

"Dikirani, amayi."

Ndinadina koyamba. Diresi lachibakuwa linachoka, panatsala malaya a maluwa ofwifwa, a batani limodzi losiyana ndi anzake.

"Wabanso malaya ngati anga," anatero mayi.

Ndinadinanso. Tsitsi lakuda linasanduka imvi. Ndinadinanso, makwinya anabwerera pamphumi, m'mbali mwa maso, m'khosi. Mayi Duyen anati, "Aaa, ndiye si ine." Ndinadinanso, dzino lakutsogolo linabenthuka. Loc anayamba kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda nyali yanga.

"Thoa," anatero monong'ona, "usandiuze kuti masiku onsewa ndakhala ndikusirira..."

Ndinadina komaliza. Chipsera chinabwerera pamalo pake, kuchoka pakhutu kufika pakamwa.

Mayi Nhieu anadziyang'ana. Makutu a mleme, mphuno yaumbombo, kukamwa kwa wolongolola, zonse zinali pomwepo. Ndinkadikira mphenzi. Ndinali nditakonzeka kuti chokupizira chithyokere pamutu panga. Koma iwo anangokhala pansi pang'onopang'ono, ndipo pamene analankhula, mawu awo anali aang'ono moti sindinawazindikire.

"Ndiye ankafuna ndikhale chonchija. Anakutuma kuti undikonze."

Ndikanakonda akanandimenya. Ndinagwada pa simenti.

"Ayi, amayi. Mlanduwo ndi wanga ndekha. Bambo atadziwa kuti matenda awo sachira, anabwera kuno kudzajambulitsa chithunzi cha pa guwa. Titamaliza anati, 'Mwana iwe, zaka zonsezi ndilibe chithunzi cha mkazi wanga. Undibere chimodzi.' Ndinakujambulani mumsika ndili pa zenera ili. Kenako ine ndi nzeru zanga zoperewera ndinati ndiwasangalatse. Ndinakhala masiku awiri ndikusalaza."

"Ndiye anasangalala."

"Anakwiya, amayi. Sindinawaonepo atakwiya choncho chiwadziwire. Anati, 'Ameneyu ndi ndani? Ndinakutuma mkazi wanga, iwe wandibweretsera wowerenga nkhani pa kanema. Chipsera chija wachiika kuti?' Ine ndinati ndimaona ngati chikongola bwino chikachoka. Anandifunsa ngati ndikudziwa mmene chinabwerera. Anati chaka cha madzi ambiri, mutangokwatirana, anagwera m'madzi kuchoka m'boti la mananazi, mwana wa mumtsinje wosadziwa kusambira, ndipo inu munadumphira m'madzi injini ikuzungulira. Anati, 'Chitsulo chimenecho chinkabwera pakhosi panga. Iwe wafufuta tsiku limene ndinapulumuka.' Chithunzi chosalalacho sakanaching'amba kapena kuchitaya kudzala, poti ndi nkhope ya munthu wamoyo. N'chifukwa chake anachitsekera m'chitini pamodzi ndi mano osweka."

Mayi anapukusa mutu.

"Bodza. Ukufuna kumuyeretsa chifukwa ankakubisira nsomba. Ukuganiza kuti sindinkaona? Ngati ankafuna chenichenicho, chili kuti? Nyumba yonse ndaisanthula."

Uwu ndiye unali mlandu wachiwiri uja. Ndinapepesa bambo Luom chamumtima.

"Mwachinyamula m'khwapa kuyambira m'mawa, amayi."

6

Ndinatenga felemu ija, ndinaigoneka chafufumimba patebulo, n'kupinda tizitsulo ta kumbuyo. Nditachotsa katoni, chinali pomwepo, chitatsamira kumsana kwa chithunzi cha bambo Luom. Mayi Nhieu mumsika, mango m'manja, akuseka mutu uli chagada, dzino lobenthuka poyera, chipsera chikuwala ndi dzuwa.

Mayi Duyen anagwira pakamwa. "Munthu wamoyo pa guwa!"

"Ndinakana, amayi, ndikulumbira," ndinatero. "Ndinawauza kuti n'zoletsedwa, n'kuitanira munthu imfa. Iwo anati mwambo umaletsa kutsogolo, za kumbuyo kwa felemu sunanenepo kanthu. Anati, 'Zaka zonsezi ndazolowera kukalipiridwa. Ndikakakhala ndekha pa guwa paja zii, ndidzafa kachiwiri.' Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

Apa ndiye mphenzi ija inagwa.

"Chaka chathunthu! Chaka chathunthu ndakhala ndikudzifukizira lubani ndekha? M'mawa uliwonse ndikudzigwadira? Ndikudziikira nthochi? Ine wamoyo! N'chifukwa chake bondo langali likupweteka! Ndimati nyamakazi, kani mukundikokera kumanda, iwe ndi apongozi akowo!"

"Pepani, amayi."

"Pepani amachiza bondo? Loc, mkazi uyu unamutola kuti?"

Loc anali atakhala pakona, nkhope ili m'manja, akulimbana ndi mavuto ake.

Mayi anatola chithunzicho kuti mwina achiponye, koma dzanja linaima m'njira. Anachiyandikitsa kumaso. Chiyambire tsiku la ngozi lija anali asanadzionepo pa pepala, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale pa kalilole ankadziona atakwinya nkhope basi.

"Ndinkaseka chiyani apa?"

"Ndinawauza bambo kuti simumwetulira, chithunzi sichikoma. Anati, 'Ukufuna aseke? Konza kamera.' Anawoloka msewu, anafika pa benchi lanu, n'kukhalira dala chipatso chachikulu chaminga chotchedwa durian."

Mayi anatong'ola maso. "Tsiku lija? Anachita dala?"

"Dala, amayi."

"Ine ndimati mutu wayamba kuwasokonekera! Masiku atatu akugona chafufumimba, ine ndikuwazula minga ndi chopanira nsidze!"

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira m'mimba, chimodzimodzi ngati pachithunzipo, ndipo sindikudziwa kuti kusekako kunasanduka kulira pa nthawi iti. Analira mokweza, molira mwa munthu amene pa maliro enieniwo anali wotanganidwa ndi kulamula ophika. "Chitsiru cha mdala," ankatero. "Chitsiru changa cha mdala." Tonse tinalira, ndi mayi Duyen omwe.

Atamaliza anamina m'thaulo lija n'kundipatsa chithunzicho.

"Bwezera momwemo."

"Koma amayi, mwambo..."

"Ndadzifukizira chaka chonse, ndafa? Bwezera. Komweko ndikupita ndithu. Chizindisungira malo, mdala ameneyu asanapezeko dona weniweni." Anaimirira. "Iwe Loc, ukulira chiyani, wosirira amayi ake iwe? Thamangira kumsika nkhumba isanathe. Ndipo iwe Thoa, mazira makumi asanu ndi limodzi, usenda wekha. Limodzi likangokumbika ndi chikhadabo, usalaza ndi kompyuta yakoyo."

Potuluka anaima pamaso pa mayi Duyen. Kupepesa sadziwa, choncho anangoti, "Aphunzitsi, mawa mubwere mudzadye. Khosi lanu ndi labwino ndithu." Mayi Duyen anatsalira m'mbuyo pang'ono n'kundinong'oneza ngati ndingawapangire chimodzi ngati chija.

Mawa lake bambo Luom anadya tsiku lawo ali pamalo pawo, atayang'ana kutsogolo, zenera lili lotsegula.

*

Abale owerenga, tsopano weruzani. Ine chimene chimandiwawa mpaka lero si kunama kwa masiku asanu ndi anayi kuja, ngakhale nakonso n'koipa. Chimandiwawa n'choti ndinayang'ana nkhope ya mayi amene anabereka mwamuna wanga, n'kuona ntchito yofunika kukonza. Sindinafunse. Ndinkati ndikuchita chifundo.

Situdiyo sindinatseke, ndipo sindikunamizani kuti ndinasiya kuchotsa ziphuphu. Mtsikana akafuna kusalala pa tsiku la ukwati wake, ndimamusalaza, nkhope ndi yake. Koma masiku ano munthu akakhala pa mpando wanga ali ndi chipsera, dzino lokhota kapena diso logwa, ndimayamba ndafunsa kuti, "Ichi chinabwera bwanji?" Ena amati chotsani basi. Koma ambiri amayamba kufotokoza, ndipo akamafika pakati pa nkhaniyo nkhope imasintha, ine n'kudina. Inunso musanapemphe wojambula kuti akufufutireni kanthu, yambani mwafunsa amene amakukondani. Mwina chimene mukuchita nacho manyazicho ndi chimene iye amayamba kufunafuna akakuonani pagulu.

Patatha mwezi, ndinamvanso masilipasi aja pakhomo. Mayi analowa atavala malaya awo abwino, tsitsi atalipesa, n'kukhala pa mpando moyang'ana kamera. Chipewa anachiika pansi.

"Ndabwera kudzajambulitsa cha pa guwa. Cha kutsogolo. Usandiyang'ane choncho, sindikufa mawa."

Ndinasuntha nyali, ndipo mwa chizolowezi ndinawapempha kuti atembenukire pang'ono kumanzere, kuti kamera ione tsaya losalala.

Anandiyang'ana ndi diso lija. Kenako anatembenukira kumanja, chipsera chonse n'kuchipereka ku nyali.

"Jambula mbali iyi, mwana iwe. Ndi imene mdala uja akuidziwa."